Doko limodzi, mawotchi awiri

Pachilumba cha Cozumel, kum'mawa kwa dziko la Mexico, pamatha kukocheza sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo zisanu kapena kuposerapo tsiku limodzi, ndipo anthu otsikamo sagwirizana kuti nthawi ili bwanji. Awiri akhoza kuima pashopu imodzi akutsitsa mtengo wa chipewa, wina wotchi yake ikuti 2 koloko, mnzakeyo ikuti 3 koloko. Palibe amene wotchi yamufera. Aliyense akutsatira nthawi imene kaputeni wa sitima yake analamula, ndipo makaputeni sakakamizidwa kulamula zofanana.

Chisokonezo cha pa Cozumel chili ndi chiyambi chake. Mu Febuluwale 2015, chigawo cha Quintana Roo, kumene kuli chilumbachi ndi mzinda wa Cancún, chinasuntha nthawi yake kuti izifanana ndi ya kum'mawa kwa dziko la America, koma chinakana mwambo wa Amereka wopititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Ku America mwambowu umayamba Lamlungu lachiwiri la Malichi n'kutha Lamlungu loyamba la Novembala. Ndiye mu Januwale sitima yochokera ku Miami imapeza nthawi ya pa Cozumel ikufanana ndi yakwawo, pamene yochokera ku Galveston, ku Texas, imakhala ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Ikafika Julaye zimatembenuka: ya ku Galveston ndiyo imafanana ndi eni chilumba, ya ku Miami ili patsogolo ndi ola. Woyendetsa takisi wa pamenepo, asanagwirizane ndi mlendo za nthawi yodzamutenga, amayamba wafunsa dzina la sitima.

Pamtunda nthawi imaikidwa ndi boma. Chiyambireni msonkhano wa ku Washington wa 1884, umene unasankha Greenwich kukhala poyambira kuwerenga, dziko lonse linapita ligawidwa m'zigawo zosiyana ndi ola limodzi pa madigiri 15 alionse, ngakhale kuti ndale ndi malonda zakhotetsa malire a zigawozo pafupifupi paliponse. Panyanja palibe boma loti liuze anthu 5,000 kuti adye nthawi yanji. Ntchitoyo ndi ya kaputeni, ndipo nthawi imene wasankha ndiyo imatchedwa nthawi ya sitima. Malo odyera amatsegulidwa potsatira iyo, zisudzo zamadzulo zimayamba potsatira iyo, ndipo mlatho wokwerera umachotsedwa potsatira iyo.

Kaputeni ali ndi njira ziwiri. Akhoza kusintha mawotchi usiku, nthawi zambiri cha m'ma 2 koloko anthu ali mtulo, kuti pofika padoko m'mawa sitima ndi mtunda zikhale pa nthawi imodzi. Apo ayi, akhoza kusunga nthawi ya doko limene ananyamukira mpaka ulendo wonse utatha. Maulendo a ku Ulaya amakonda njira yoyamba. Sitima yochoka ku Italy kupita ku zilumba za ku Greece imapititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi, pobwerera n'kulibweza. N'chimodzimodzi zochoka ku Seattle kapena Vancouver kupita ku Alaska, kumene nthawi ili m'mbuyo ndi ola. Njira yachiwiri imapezeka kwambiri pa maulendo aafupi a ku Caribbean, kumene sitima imaima padoko maola asanu ndi atatu okha n'kubwereranso m'chigawo chimene yachokera. Oikira kumbuyo njirayi amati palibe chifukwa chosokonezera tulo ta anthu masauzande ndi ndandanda ya antchito kawiri pa masiku atatu chifukwa cha doko limodzi.

Kusiyana kwa nthawi sikuluma mofanana mbali zonse. Doko likakhala patsogolo pa sitima, monga zimakhalira pa St Thomas kapena San Juan m'miyezi yozizira ya ku America kwa sitima yosunga nthawi ya Miami, wosokonezeka amangobwerera msanga ndi ola limodzi. Choipa chimene chingamugwere n'kuphonya boti la asodzi limene anapangana nalo m'mawa. Koma doko likakhala m'mbuyo, nkhani imakhala ina. Pa Roatán, chilumba cha dziko la Honduras, ndi ku Belize, mawotchi sasunthidwa chaka chonse, ndipo mu Julaye amakhala m'mbuyo mwa Miami ndi maola awiri athunthu. Sitima ikanena kuti aliyense akhale atakwera pofika 4:30 madzulo, wotchi ya pakhoma la malo odyera kugombe imakhala ikuti 2:30. Munthu amaitanitsa botolo lina mtima uli m'malo, akuti dzuwa likadalipo, kumeneko zingwe akumasula.

Kale wotchi ya pamkono inkasunga zimene mwini wake waiuza. Foni ya masiku ano imamvera netiweki imene yaipeza. Ikangogwira nsanja ya pamtunda imadzisinthira yokha ku nthawi ya dzikolo, osafunsa, ndipo wotchi yamakono yolumikizidwa ku foniyo imatsatira pambuyo. Pakati pa nyanja imathanso kugwira netiweki ya m'sitima yodzera pa setilaiti, imene nthawi zina imapereka nthawi ya Greenwich, alamu n'kudzutsa munthu pakati pa usiku. M'madoko oyandikana ndi malire foni imatha kutola nsanja ya dziko lina. N'chifukwa chake anthu ozolowera maulendowa amazimitsa batani lodzisinthira nthawi, kapena amagula kawotchi kotchipa ka mivi n'kukatchera ndi wotchi ya m'sitima asanatsike.

Eni sitima sabisa nthawi yawo. Imalembedwa m'kapepala ka zochitika za tsiku kamene amasiya m'zipinda madzulo, imaoneka pa TV ya m'chipinda ndi pa pulogalamu ya kampaniyo ya pafoni, amailengeza pa zokuzira mawu, ndipo pakhomo lotsikira pamakhala chikwangwani chonena nthawi yomaliza kukwera, imene kawirikawiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Munthu aliyense amadutsitsa khadi lake pamakina potsika ndi pokwera, choncho nthawi ikakwana alonda amadziwa ndi dzina lomwe amene sanabwere. Mayina aja amaitanidwa kangapo. Okwera anzawo amadzaza m'makonde kuonerera ochedwa akuthamanga padoko zikwama zili m'manja, n'kumawakuwiza. Mavidiyo otere adzaza pa YouTube.

Anthu ambiri amadabwa kuti sitima yokhala ndi maiwe osambiramo ndi malo ochitira zisudzo ingalephere bwanji kudikira banja limodzi kwa theka la ola. Nthawi zina imadikiradi, makamaka ngati ochedwawo ali pa ulendo wokaona malo wokonzedwa ndi kampani ya sitimayo. Koma kunyamuka si nkhani ya kaputeni yekha. Katswiri wa doko amene amakwera kudzatsogolera sitima potuluka amakhala anapanganidwa kale ola lake, chimodzimodzi maboti okoka ndi amuna omasula zingwe. Malo okochezapo amalipiridwa, ndipo mwina sitima ina ikuwadikira. M'madoko ena madzi akaphwera njira imatsekeka. Ola lotayika padoko amalibweza pothamanga usiku, ndipo liwiro pang'ono lowonjezera limadya mafuta ochuluka zedi. Wotsalira amasiyidwa m'manja mwa nthumwi ya kampaniyo padokopo, imene imalandira pasipoti yake ngati yapezeka m'chipinda, koma ndalama za ndege ndi hotela zothamangitsira sitima zimatuluka m'thumba mwake.

Kutalika kwa ulendo wothamangitsawo kunaoneka mu Malichi 2024, pamene anthu asanu ndi atatu a m'sitima ya Norwegian Dawn, imene inanyamukira ku Cape Town, anatsalira pachilumba cha São Tomé. Iwowa sanapusitsidwe ndi wotchi. Anachedwa pa ulendo wokaona malo umene anakonza paokha, n'kupeza nthawi yomaliza kukwera ya 3 koloko itadutsa. Anauluka mpaka ku Gambia, koma sitimayo inalephera kukocheza pa Banjul, ndipo anakaipeza ku Dakar, m'dziko la Senegal, patatha masiku angapo.

Pa njira ziwiri za kaputeni zija, yosintha mawotchi kuti afanane ndi a padoko ndiyo ili ndi chilungamo. Imalanda anthu ola la tulo, inde, koma imachotsa msampha. Sitima yosunga nthawi yakwawo imadzipeputsira ntchito n'kusenzetsa masamu mlendo amene wabwera kudzapuma, pamodzi ndi woyendetsa takisi ndi mayi wogulitsa nsomba yootcha, amene ayenera kuloweza kuti sitima iti ili pa nthawi iti mwezi uno.

Pa maulendo oolokera tsidya lina la nyanja palibe chosankha, mawotchi ayenera kusuntha basi. Sitima ya Queen Mary 2, ya kampani ya Cunard, imatenga mausiku asanu ndi awiri kuchoka ku Southampton kukafika ku New York, mizinda yosiyana ndi maola asanu. Popita kumadzulo wotchi imabwezedwa ndi ola limodzi kasanu, anthu n'kumasangalala ndi masiku a maola 25. Pobwerera masiku asanu amakhala a maola 23, ndipo Cunard yakhala ikuchotsa olalo masana: 12 koloko ikangokwana, nthawi yomweyo yasanduka 1 koloko. Ena amadandaula kuti chakudya chamasana chimathithikana ndi tiyi wamadzulo, koma tulo sitikhudzidwa.

Amene amamva kuwawa kwenikweni ndi antchito. Mlendo akataya ola amangogonereza. Woperekera zakudya amene watseka ntchito pakati pa usiku ayenera kudzukabe kukakonza chakudya cham'mawa. Pangano la mayiko la 2006 loteteza ogwira ntchito panyanja limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa sabata, choncho usiku wa kusintha nthawi akuluakulu a madipatimenti amakhala pansi kukonzanso ndandanda. Oyang'anira kayendedwe ka sitima, amene amasinthana maola anayi anayi, ali ndi mwambo wawo wakale wogawana olalo patatu, gulu lililonse la usiku mphindi 20, kuti phindu kapena chitayiko chisagwere munthu mmodzi. Ndipo m'chipinda choyendetsera muli wotchi ina imene sisunthidwa ndi wina aliyense, ya nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC. Zida zosonyeza pamene sitima ili, mauthenga a nyengo ndi mawailesi a pangozi zimayendera imeneyo.

Amene anaolokapo pa Songwe kulowa ku Tanzania amakudziwa kusintha wotchi ndi ola, poti tsidya linalo nthawi ili patsogolo pa yathu ya ku Malawi. Sitima za kampani ya MSC zonyamukira ku Durban m'miyezi ya dzinja zikamapita ku Pomene kapena Portuguese Island, ku Mozambique, sizisintha kanthu, chifukwa South Africa, Mozambique ndi Malawi ali pa nthawi imodzi. Zikalunjika ku Mauritius ndi Réunion zimayenera kupeza maola awiri panjira, ndipo ku Madagascar ola limodzi. Kupitirira apo kuli madoko a theka la ola, monga Mumbai ndi Colombo, kumene wotchi imasunthidwa mphindi 30.

Pakati pa nyanja ya Pacific chimasuntha ndi kalendala. Sitima yolowera kumadzulo ikadutsa mzere wosinthira deti imalumpha tsiku lathunthu, yolowera kum'mawa imakhala ndi tsiku limodzi kawiri. Oyamba kudabwa nazo anali otsala a ulendo wa Magellan wozungulira dziko lapansi, amene atafika ku Cape Verde mu Julaye 1522 anauzidwa kuti ndi Lachinayi pamene buku lawo, lolembedwa mosadumphitsa, linkati Lachitatu. Lero Apia, likulu la Samoa, ndi Pago Pago, ku American Samoa, ndi madoko otalikirana makilomita osafika 200, ulendo wa usiku umodzi, koma amasiyana ndi maola 24. Sitima ikhoza kuchoka pa Apia Lachiwiri madzulo n'kufika pa Pago Pago Lachiwiri lomwelo m'mawa. Zinayamba kutero mu 2011, pamene Samoa inafufuta 30 Disembala pa kalendala yake kuti masiku ake a ntchito azifanana ndi a Australia ndi New Zealand. Mpingo wa Seventh-day Adventist kumeneko unagawanika maganizo: ambiri anapitiriza kuwerenga masiku asanu ndi awiri monga kale, Sabata lawo n'kugwera pa tsiku limene boma likuti Lamlungu, pamene ena anatsatira Loweruka la kalendala yatsopano.