BULAUZI YOLUKA YA M'CHILIMWE: TIBWERERE KU ULUSI WA THONJE

Amayi anzanga, mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Chinguluwe, nkhani ya pachitsime imakhala imodzi basi: kutentha. Mitengo imakhala itayoyola masamba, ndipo pofika nthawi ya nsima yamasana mchenga wa pabwalo supondeka ndi phazi lopanda nsapato. Dera lathu la Salima lili m'chigwa, pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000. N'chifukwa chake alendo ochokera kumtunda amayamba kudzipepesa ndi mpango akangotsika mapiri a ku Dowa.

Komatu nyengo yomweyi ndiyo ya zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mpingo, ndipo mayi aliyense amafuna kuoneka waudongo pakati pa anzake. Kodi avale chiyani chomupatsa ulemu, koma chosamuphika thupi? Lero tikambirane za bulauzi yopepuka, yokhala ndi timipata tolowa mphepo, yoluka ndi singano imodzi yokhala ndi kangowe kunsonga. Kaluso kameneka Azungu amati crochet, mawu a Chifalansa otanthauza kangowe komweko. Ambiri a inu mumadziwa kale kuluka tinsalu toyala pamipando ndi patebulo. Manja amene amatha zimenezo angathenso kuluka chovala.

ULUSI NDIWO MWINI NKHANI

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa, kuti inu musagwere m'dzenje lomwelo. Poluka bulauzi yanga yoyamba ndinagula pa sitolo ina ulusi wofewa, wonyezimira, umene tonse timangoutchula kuti wulu. Ndinaluka masabata asanu, ndipo ndinaivala koyamba pa ukwati wa mwana wa achimwene anga. Mwambo usanafike pakati, thukuta linali litandinyowetsa msana wonse, ndipo m'khwapa munayamba kuyabwa ngati ndakhudza chitedze. Ndinatuluka mwakachetechete, ndipo tsiku lonselo ndinalitha nditavala malaya obwereka. Apongozi anga ataigwira bulauziyo anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ulusi wambiri umene timautchula kuti wulu suchokera ku nkhosa ayi. Dzina lake ndi acrylic, ndipo amaupanga m'mafakitale kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, monga mmene amapangira pulasitiki. Ulusi wotere sumwa madzi, choncho thukuta limangokhala pakhungu. Ndi wabwino polukira majuzi ndi tizipewa ta ana ta mu Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuwomba panyanja. Koma wa thonje umamwa thukuta n'kulipereka ku mphepo, ndipo thupi limazizira.

Chodabwitsa n'chakuti ife a kuno sitiyenera kuphunzitsidwa ndi munthu ubwino wa thonje. Chitukuko cha ulimi cha m'mbali mwa nyanja ku Salima chitayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi thandizo la dziko la West Germany, Chinguluwe anakhala amodzi mwa malo amene alimi anapatsidwa minda kuti alime thonje. Makolo athu ankalisenza kupita nalo ku misika ya ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo ku Blantyre fakitale ya David Whitehead inkawomba nsalu za thonje la m'dziko momwe muno. Si zamanyazi kodi kuti mdzukulu wa mlimi wa thonje azivala pulasitiki m'chilimwe?

Musanagule ulusi wambiri, werengani kapepala kamene kali pa mpukutu wake. Ngati palibe, dulani kachidutswa kotalika ngati chala, mukagwire ndi timitengo tiwiri, ndipo mukayatse panja, kutali ndi ana ndi udzu. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa lofikisika ndi zala. Acrylic amasungunuka, amanunkha moipa, ndipo amasiya kachibulumwa kakuda kolimba. Ngati pa kapepalapo palembedwa mawu akuti mercerised, dziwani kuti ndi thonje lomwelo lokonzedwa mwa njira imene John Mercer wa ku England anaitulukira mu 1844. Ulusi wake ndi wolimba, wowala pang'ono, ndipo umagwira bwino utoto.

Sankhani ulusi wopyapyala ndi singano ya mamilimita 2.5 kapena 3. Kwa mayi wa thupi lapakatikati, magalamu 250 mpaka 300 amakwanira bulauzi ya manja aafupi. Mugule wonse tsiku limodzi, pakuti mipukutu yonyikidwa mu utoto nthawi zosiyana imasiyana mtundu pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera poyera chovala chikatha.

YESANI MUSANAYAMBE

Amayi ambiri safuna kumva za gawo ili, koma ndi limene limapulumutsa ulusi ndi ndalama. Manja athu sakoka ulusi mofanana. Wina amaluka mothina, wina momasuka. Choncho yambani mwaluka kansalu koyesera, kotalika ndi kotambalala masentimita 12 kapena kuposerapo. Mukachape, kaume, ndipo kenaka muyese ndi tepi, chifukwa thonje limafupika pang'ono likachapidwa koyamba.

M'gulu lathu mayi wina analumpha gawo limeneli polukira mphunzitsi wina bulauzi. Itachapidwa kamodzi inakana kulowa. Mphunzitsiyo anaibweza, ndipo mnzathuyo anabweza ndalama zimene anali atagulira kale feteleza. Kuthamanga sikufika.

Maluko ofunika ndi atatu okha. Oyamba ndi matcheni, amene aliyense amayambira. Achiwiri ndi amene ife timawatcha mizati. Kulungani ulusi kamodzi pa singano, ilowetseni pamalo pake, ndipo mukoke ulusi kuti pa singano pakhale timphete titatu. Kolani ulusi n'kuudutsitsa pa timphete tiwiri, kolaninso n'kuudutsitsa pa tiwiri totsala. Mukaimika mzati, n'kuluka matcheni awiri, n'kulumpha malo awiri, n'kuimikanso mzati, mwapanga diso limodzi longa la ukonde wa asodzi. Achitatu ndi zigoba: mizati isanu pamalo amodzi, imene imatambasuka ngati chigoba cha nkhono ya m'mphepete mwa nyanja.

Tsopano masamu ake, amene ngakhale ife osapita patali ndi sukulu timawatha. Tiyerekeze kuti pachifuwa panu ndi masentimita 96. Onjezani 8 kuti mphepo iziyenda m'kati, akhale 104. Gawani pawiri, pakuti tiluka nsalu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Iliyonse ikhala masentimita 52. Ngati pa kansalu kanu koyesera maso 9 akukwana masentimita 10, ndiye kuti mufunika maso 47. Diso lililonse limadya matcheni atatu, choncho 47 kuchulukitsa ndi 3 ndi 141. Onjezani 5 otembenukira, akhale matcheni 146. Lumphani matcheni 7 oyandikana ndi singano, ndipo mzati woyamba muuimike pamalo otsatira. Mukafika kumapeto kwa mzere, lukani matcheni 5, tembenuzani nsalu, ndipo muziimika mzati pamwamba pa mzati unzake.

MPHEPO ILOWE, ULEMU USATULUKE

Apa ndi pamene amayi ena amakayikira. Iwo amati chovala cha maso ngati ukonde sichiyenera mayi wapabanja, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, linafafanizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma maso a apongozi, a amfumu ndi a akuluampingo sanafafanizidwe, ndipo ife eni ake timafuna kudzilemekeza.

Yankho lili m'manja mwa wolukayo. Diso lililonse lingathe kutsekedwa: m'malo mwa matcheni awiri, imikani mizati iwiri. Choncho kuyambira pamwamba pa mchombo kufikira pamwamba pa chifuwa, tsekani maso onse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Maso otseguka muwasiye pamapewa, m'manja ndi m'munsi mmene mumakumana ndi chitenje. Amene manja awo azolowera angathe kusakaniza maso otseka ndi otseguka kuti atulutse maluwa kapena timizere. Jambulani kaye papepala la masamu la ana a sukulu, kabokosi kamodzi kuimira diso limodzi.

Ngati mufuna bulauzi ya maso paliponse, isokereni nsalu yopyapyala m'kati, kapena muzivala kamalaya kam'kati kofanana nayo mtundu. Koma nsaluyo ikhalenso ya thonje. Kuika nayiloni m'kati mwa bulauzi ya thonje n'kutseka ndi dzanja lamanzere khomo limene mwatsegula ndi lamanja.

Nsalu ziwirizo zikafika pa msinkhu umene mufuna, monga masentimita 55 kapena 58, ziyaleni pamodzi. Lumikizani mapewa, n'kusiya pakati mpata wa khosi wa masentimita 25. Musanapitirire, lowetsani mutu kuti muone ngati ukudutsa bwino. Lumikizani m'mbali kuyambira pansi, n'kusiya masentimita 20 olowera mkono. Kuzungulira mpata wa mkonowo lukani mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya maso, ndipo manja aafupi apangika. Malizani ndi mzere wa zigoba m'khosi, m'manja ndi m'munsi. Nsonga zonse za ulusi muzilowetse m'kati ndi singano yosokera, musangozidula pafupi ndi mfundo, chifukwa zidzamasuka pochapa.

Mayi woluka ola limodzi kapena awiri patsiku, atatha ntchito zapakhomo, amamaliza pa masabata anayi kapena asanu. Sambani m'manja musanagwire ulusi, ndipo mpukutu muuike m'kachitini koyera kuti usagubuduzike m'fumbi. Lukani masana pamthunzi. Kuluka ulusi wopyapyala pa kuwala kochepa kumatopetsa maso, ndipo zolakwa zimachuluka.

KASAMALIDWE KAKE

Chovala choluka sichifuna nkhanza. Musachimenyetse pamwala ngati chitenje, ndipo musachipotokole pofinya. Chapani ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, mochita kufinya ndi zikhatho. Mukatsukuluza, chikulungeni m'thaulo kuti madzi achepe, kenaka muchiyale pamphasa yoyalidwa nsalu yoyera, pamthunzi, ndi kuchiwongola kuti chibwerere m'maonekedwe ake. Mukachipachika pachingwe chili chonyowa, kulemera kwa madzi kumachikoka, ndipo bulauzi imasanduka diresi. Posita, itembenuzeni kunja kukhale m'kati, ikani kansalu konyowa pamwamba, ndipo simbi muziingoika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza.

LUSO LIMENELI NDI CHUMA

Tisaiwale kuti singano yaing'onoyi inadyetsapo mabanja. M'dziko la Ireland munagwa njala yoopsa kuyambira mu 1845, mbatata zawo zitaola m'minda ndi matenda. Amayi ndi atsikana ambiri anaphunzitsidwa kuluka ndi kangowe ndi ulusi wa thonje, ena mwa iwo ndi masisitere, ndipo zoluka zawo zinkagulitsidwa kwa anthu olemera m'mizinda ikuluikulu. Ndalama zimenezo zinathandiza mabanja ambiri kugula chakudya.

Ena adzafunsa kuti, ndani angagule bulauzi yoluka pamene kaunjika ali mbwee pamsika? Zoonadi sitingapikisane naye pamtengo. Koma pa kaunjika mayi amatenga chimene wapeza, pamene inu mumaluka pa muyeso wa thupi lake, mtundu umene wasankha, ndi kutseka pamene iye afuna patsekedwe. Ndiponso makina a m'mafakitale amaluka majuzi ndi nsalu zina, koma kaluso ka kangowe kenikeni kamachitikabe ndi manja. Aphunzitsi, anamwino, akwatibwi ndi alendo obwera kudzaona nyanja ku Senga Bay ndi anthu amene angathe kuzindikira kusiyana kumeneku.

Poika mtengo, musawerengere ulusi wokha. Lembani mtengo wa ulusi, wa nsalu yam'kati, ndi wa ulendo wokagula. Kenaka werengani maola amene mwagwira, ndipo mudzifunse kuti mukanapeza zingati mukanapita kukagwira ganyu nthawi yomweyo. Amayi ambiri amagulitsa motaya chifukwa choona ngati nthawi yawo ilibe mtengo. Wofuna kulukiridwa ayambe wapereka ndalama ya ulusi, ndipo miyeso yake muilembe m'kabuku iye akuona, kuti pasadzakhale kukangana.

Ulusi wa thonje weniweni supezeka m'sitolo iliyonse ya kumudzi. Choncho sonkhanani m'magulu anu, mutume mmodzi wopita ku tauni kuti akagulire onse, atanyamula machesi ndi kachidutswa ka ulusi wodziwika kofananitsira. Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wanu wotsatira, aliyense abwere ndi singano, tepi ndi kansalu kake koyesera kochapa kale, ndipo muthandizane masamu aja. Amene ayambe kuluka mwera usanaleke adzalowa m'chilimwe atavala zawo, ndipo pa zinkhoswe adzakhala mpaka mwambo kutha.