KHUNYU NDI TIZIPATA TA MU UBONGO

Pa gombe lililonse la m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche mpaka kukafika ku Usisya, moyo wa munthu uli pakati pa madzi ndi moto. Abambo amachezera pa nyanja kukoka chilimira, amayi amaviika chinangwa m'zithaphwi ndi kuphika kondowole, ndipo ana amasambira tsiku ndi tsiku. Kwa ambiri a ife zimenezi ndi ntchito wamba. Koma kwa munthu wodwala khunyu, nthenda imene ena amaitcha matenda a kugwa, madzi olekeza m'maondo angathe kumupha, ndipo moto wowambira nsomba ungathe kumusiyira chilema cha moyo wake wonse.

Tiyerekeze kuti pali mnyamata wa zaka 17 amene anayamba kugwa ali wamng'ono, atangochira malungo aakulu. A chipatala anampatsa mapiritsi a phenobarbitone, namuuza kuti azimwa usiku uliwonse. Miyezi isanu ndi umodzi inatha iye osagwa. Makolo ake poona zimenezi anati mwana wachira, ndipo anamleketsa mankhwala. Pasanathe milungu iwiri mnyamata uja anagwa koopsa kuposa kale, ndipo tsikulo anali m'bwato. Nkhani yotere si yachilendo kwa anthu ogwira ntchito m'zipatala zathu. Kodi chimachitika nchiyani m'mutu mwa munthu wotere? Kuti tiyankhe funso limeneli tiyenera kuona mmene ubongo umagwirira ntchito.

UBONGO NDI MUDZI WA AMITHENGA

Ubongo wa munthu unapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso. Maselo onyamula uthenga alipo pafupifupi mabiliyoni 86. Munthu akamapalasa bwato, akamalankhula, ngakhale akamalota, ndiye kuti maselo amenewa akutumizirana mauthenga. M'kati mwa selo uthenga umayenda ngati kamphamvu kochepa ka magetsi.

Chodabwitsa nchakuti maselowa sagundana kwenikweni. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kakang'ono zedi, kotero kuti tsitsi limodzi la m'mutu nlalikulu kuposa kampatako koposa nthawi 1,000. Uthenga ukafika pa kampatapo uyenera kuoloka, monga mmene munthu amaolokera mtsinje wa Luweya pa bwato. Selo loyambalo limatulutsa timadzi tapadera timene timaoloka ndi kukakocheza pa selo la tsidya lina. Timadzi timeneti ndiwo amithenga a mu ubongo.

Amithenga alipo a mitundu yambiri, koma pa nkhani ya khunyu aakulu ndi awiri. Woyamba dzina lake ndi glutamate, ndipo uthenga wake ndi wakuti selo lidzuke ligwire ntchito. Wachiwiri dzina lake ndi GABA, ndipo uthenga wake ndi wakuti selo lidekhe. Mthenga wachiwiriyu anapezeka mu ubongo m'chaka cha 1950, ndipo mmodzi mwa amene anamupeza anali Eugene Roberts wa ku America. Ubongo wa munthu wa moyo wabwino umafuna amithenga onse awiriwa pa muyeso wake, monga mmene bwato limafunira wopalasa ndi woongolera.

KACHIPATA KA NSANAMIRA ZISANU

Mthenga akaoloka sangofikira paliponse ayi. Pa khungu la selo pali timalo tolandirira uthenga, timene m'Chingerezi amati receptor, ndipo kalikonse kamalandira mthenga wa mtundu wakewake, monga mmene loko amalandirira kiyi wake yekha. Kamalo kamene kamalandira GABA ndi kugwira ntchito mofulumira amakatcha GABA-A.

Kamaloka kanapangidwa ndi mapuloteni asanu oimirira mozungulira ngati nsanamira zisanu za nkhokwe, ndipo pakati pake pali kachibowo koboola khungu la selo. Nthawi zambiri kachibowoko kamakhala kotseka. Amithenga awiri a GABA akafika ndi kukhala pa malo awo, pamene nsanamira ina yagundana ndi inzake, nsanamira zija zimapotoloka pang'ono ndipo kachibowo kamatseguka. Ichi ndicho chifukwa chake tikukatcha kachipata.

Kachipatako kakatseguka mumalowa chloride, chimene chiri chimodzi mwa zinthu ziwiri zopanga mchere umene timathira m'ndiwo. Chloride akalowa amatsitsa mphamvu ya magetsi ya m'kati mwa selo, ndipo selolo silifulumiranso kuponya uthenga. Zonsezi zimachitika mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Kenaka mthenga uja amachoka, kachipata nkutsekanso, kudikira uthenga wina.

Akatswiri anayamba kuwerenga bwino mapangidwe a mapuloteni amenewa m'chaka cha 1987, ndipo m'chaka cha 2018 anatha kujambula kachipata ka mtundu umene umapezeka mu ubongo wa munthu, pogwiritsa ntchito makina amphamvu okulitsa zinthu. Lero nkotheka kuloza malo enieni amene mthenga amakhalapo ndiponso malo ena amene mankhwala amakhalapo.

MUNTHU AKAMAGWA

Khunyu imabwera pamene mawu a mthenga wodzutsa apambana mawu a mthenga wodekhetsa pa mbali ina ya ubongo. Maselo ambirimbiri amayamba kuponya mauthenga nthawi imodzi, mosalekeza, ngati moto wolusa wa m'tchire nthawi ya chilimwe. Chisokonezo chimenechi chikafalikira mu ubongo wonse munthu amagwa, amauma, amaphupha, amatuluka thovu kukamwa, ndipo mwina amadzikodzera. Chikakhala pa mbali imodzi yokha, munthu angathe kungogwedeza dzanja limodzi, kutafuna pakamwa popanda kanthu, kapena kungoti tong'o kwa kanthawi osamva akamaitanidwa.

A chipatala amati munthu ali ndi khunyu ngati wagwa kawiri kapena kuposerapo, pa masiku osiyana, popanda kutentha thupi kapena chifukwa china cha nthawi yomweyo. Mwana amene wakomoka chifukwa cha kutentha thupi sindiye kuti ali ndi khunyu, koma ayenera kuthamangitsidwa ku chipatala msanga kuti akamuyeze malungo ndi matenda oumitsa khosi.

Zimene zimavulaza ubongo ndi kuyambitsa khunyu nzodziwika. Zina mwa izo ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kuvutika kwa mwana pobadwa, kuvulala m'mutu pa ngozi, sitiroko, ndiponso njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, zimene mazira ake akamezedwa amatha kukapanga timatuza mu ubongo. Pa malo pamene ubongo unavulala pamatsala chipsera, ndipo pa chipserapo maselo odekhetsa ndi tizipata tawo sizigwira bwino ntchito. Kwa anthu ena nthendayi imayendera m'magazi a ku mtundu, ndipo kwa ena ambiri chifukwa chake sichipezeka.

Umboni wina pa nkhaniyi unachokera m'dziko lathu lomwe lino. Pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, madokotala anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo. Zotsatira zake zinalengezedwa m'chaka cha 2010, ndipo zinasonyeza kuti ana 12 mwa amenewa anadzayamba khunyu, pamene mwa ana 264 amene anawayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, kumene udzudzu sutha chaka chonse, phunziro lake nlakuti kugona m'neti ndi kufulumira ku chipatala mwana akatentha thupi ndi njira yopewera khunyu.

Choncho khunyu si ufiti, si mizimu, ndipo sipatsirana. Malovu, thovu kapena mpweya wa munthu wogwa sizingadwalitse wina aliyense. Mungathe kudyera naye mbale imodzi ndi kugona naye pa mphasa imodzi popanda choopsa.

MMENE MANKHWALA AMAGWIRIRA NTCHITO

Phenobarbitone ndi mankhwala akale kwambiri. M'chaka cha 1912 dokotala wa ku Germany dzina lake Alfred Hauptmann anawapereka kwa odwala ake kuti azigona bwino, ndipo anaona kuti kugwa kwawo kwachepa. Pa nthawi imeneyo panalibe amene ankadziwa chifukwa chake. Lero tikudziwa kuti mankhwalawa amakakhala pa kachipata ka GABA-A, pa malo osiyana ndi a mthenga uja, ndipo amachititsa kuti kachipata kakatseguka kakhalitse kasanatseke. Chloride amalowa wambiri, maselo amadekha, ndipo moto uja umalephera kufalikira.

Diazepam, amene a chipatala amabaya kapena kulowetsa ku njira ya chimbudzi pamene munthu akuphupha osaleka, amakhala pa malo enanso a kachipata komweko, ndipo amakachititsa kutseguka pafupipafupi. Iye amagwira ntchito mofulumira, nchifukwa chake ndi wa pa ngozi, si womwa tsiku ndi tsiku. Palinso mankhwala ena monga carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate, amene amadzera njira zina. Wosankha mankhwala oyenera munthu aliyense ndi dokotala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndi kuti anthu mpaka 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwa atalandira mankhwala moyenera. Kuno ku Chigawo cha Kumpoto, ntchito imene inachitika pa chipatala cha Embangweni m'boma la Mzimba, ndi kulengezedwa m'chaka cha 1989, inasonyeza kuti anthu a m'midzi angathandizike ndi njira yapafupi: kuwaphunzitsa za nthendayi, kuwapatsa mankhwala osavuta kumwa, ndi kuonetsetsa kuti mankhwalawo sakudukiza.

CHIFUKWA CHAKE KULEKA MWADZIDZIDZI NKOOPSA

Tsopano tibwerere kwa mnyamata uja. Munthu akamwa phenobarbitone kwa miyezi yambiri ubongo umazolowera thandizo limenelo, ndipo tizipata tija timasintha kuti tigwirizane ndi mankhwalawo. Mankhwala akachoka mwadzidzidzi, tizipata timatsala tofooka pamene mthenga wodzutsa akadali ndi mphamvu zake zonse. Zotsatira zake munthu amagwa kolimba, mwinanso kugwa motsatizana osatsitsimuka, ndipo zimenezi zingathe kupha. Kusagwa kwa miyezi ingapo kumasonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti nthenda yatha. Dokotala yekha ndiye angaganize zoleketsa mankhwala, kawirikawiri munthu atakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo osagwa, ndipo amachita zimenezi pochepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi.

Mowa nawonso umakhudza tizipata tomweti. Munthu akamwa kachasu kapena mowa wina wambiri maselo amadekha mopitirira muyeso, ndipo mowawo ukamatha m'thupi amadzuka mwaukali. Ichi ndicho chifukwa chake ambiri amagwa m'mawa mwake atachezera ku mowa. Kumwa mowa pamodzi ndi phenobarbitone kungathenso kufooketsa kupuma. Kusagona mokwanira nakonso kumayambitsa kugwa, ndipo asodzi ochezera usiku pa usipa ayenera kuidziwa bwino mfundo imeneyi.

ZOYENERA KUCHITA WODWALA NDI ABALE AKE

Imwani mankhwala tsiku lililonse pa nthawi imene a chipatala anakuuzani. Pamatenga milungu iwiri kapena itatu kuti phenobarbitone akhazikike m'magazi, choncho musataye mtima pa masiku oyamba. Poyamba mungathe kumamva tulo, ndipo ana ena amasanduka ovuta, osakhazikika. Kafotokozeni zimenezi ku chipatala m'malo moleka nokha. Mukatuluka zidzolo kapena zilonda m'kamwa pitani tsiku lomwelo.

Katengeni mankhwala ena akale asanathe. Inu a ku Usisya ndi madera ena a m'mapiri, kumene ulendo umavuta nthawi ya dzinja, werengani mapiritsi anu kukadali sabata yathunthu. Tengani buku lanu la ku chipatala popita ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba, ku Usisya kapena ku chipatala chachikulu cha boma lino, ndipo lembani tsiku lililonse limene mwagwa kuti dokotala adziwe ngati muyeso wa mankhwala ukukwanira.

Uzani a chipatala ngati mukumwa ma ARV kapena mukugwiritsa ntchito mapiritsi olera ndi njira ya pamkono, chifukwa phenobarbitone amachepetsa mphamvu ya ena mwa mankhwala amenewa. Mayi amene akufuna kutenga pathupi akambirane ndi dokotala zisanachitike, ndipo akazindikira kuti ndi woyembekezera asaleke mankhwala payekha.

Musasambe m'nyanja kapena mu mtsinje muli nokha. Musakwere bwato ngati kugwa sikunaleke. Poviika chinangwa pitani ndi mnzanu, ndipo pophika kapena powamba nsomba pakhale munthu wina pafupi.

MUKAPEZA MUNTHU WAGWA

Musathawe. Mchotseni msanga pa moto kapena m'madzi. Ikani nsalu yopinda kunsi kwa mutu wake ndi kuchotsa miyala ndi zina zimene zingamuvulaze. Musamupanikize, ndiponso musaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake, pakuti munthu sangameze lilime lake. Musamupatse madzi, phala kapena mankhwala asanatsitsimuke. Kuphupha kukaleka mgonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke, ndipo khalani naye mpaka atazindikira bwino.

Thamangani naye ku chipatala ngati kuphupha kwapitirira mphindi zisanu, ngati wagwanso asanatsitsimuke, ngati wamwa madzi a m'nyanja, ngati wapsa kapena wavulala m'mutu, ngati ndi mayi woyembekezera, kapena ngati ndi koyamba kugwa. Ena amanena kuti wodwala khunyu akapsa ndi moto sangachirenso. Zimenezi si zoona. Mankhwala amagwira ntchito pa tizipata ta mu ubongo mofanana kwa munthu wopsa ndi wosapsa.

Makolo, aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo, udindo uli m'manja mwanu. Mwana wodwala khunyu apite ku sukulu ngati anzake. Wamkulu alime, akwatire, ndipo alankhule pa bwalo ngati wina aliyense. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu amene akubisidwa m'nyumba chifukwa cha nthendayi, uzani mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu, ndipo mperekezeni ku chipatala mwezi uno.