N'cifukwa ciani kukonza nyumba ya sayansi kumadya ndalama zambili?

Ambili a ife tili ndi ana amene afuna kudzakhala madokotala, aphunzitsi a sayansi kapena akatswili a migodi. Onsewa amadzela m'labotale.

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzila 312, ndipo sukulu ya Natural Sciences inali imodzi mwa masukulu atatu oyamba. Lelo ophunzila alipo masauzande ambili. Labotale ikacepa, ana ambili amaunjikana pa maikulosikopu imodzi, ena n'kumangoonelela. Ndiye cifukwa cake nyumba zotele amazikulitsa.

Kukonza kwake si kupaka penti cabe. Nchito yaikulu ili mkati mwa zipupa ndi kudenga. Mankhwala ena amatulutsa mpweya woopsa, conco pamafunika makabati okoka mpweyawo n'kuutulutsila pamwamba pa nyumba. Mapaipi akale a gasi amabooka, ndipo a madzi oipa amadyeka ndi asidi. Mawaya akale sakwanitsa kuyendetsa makina a masiku ano. Magetsi akazima popanda jeneleta kapena sola, zofufuza za miyezi yambili zimaonongekela m'mafiliji. Ngati denga ndi la asibesitosi, amalicotsa mosamala, pakuti fumbi lake limadwalitsa mapapo.

Kawilikawili amakonza mbali imodzi pamene maphunzilo akupitiliza mbali ina, motelo nchito imacedwa.

Makolo, posankhila mwana sukulu, musakopeke ndi geti yokongola. Pemphani kuti akuonetseni labotale, ndipo funsani kuti ndi ophunzila angati amagwilitsila nchito tebulo limodzi.