ZA GALIMOTO YAKALE YOKANA KULIRA MAMAWA

Inu eni mabanja a ku Lunzu ndi ku Bvumbwe, amene mutumiza kabici ndi matimati ku msika pa galimoto ya mwana wanu kapena ya mbale wokhala ku Ndirande kapena ku Bangwe, mudziwa cimene cicitika m'miyezi ya June ndi July. Ciperoni cikagwa, galimoto yokalamba ikana kulira. Anyamata aikankha kufikira dzuwa litakwera, ndipo ndiwo zimene munathyola dzulo zifota m'madengu. Pamenepo ambiri athamangira kugula batire latsopano, ndipo ndalama za mbeu zithera pa cinthu cosadwala.

Yambani mwamvetsera. Potembenuza kiyi, injini ikazungulira mofooka ngati nkhalamba pa citunda, nthenda iri ku batire, kapena pa mitu yace pamene pamera zoyera zonga phulusa; muzipale ndi kumanga zolimba. Koma ikazungulira ndi mphamvu osalira, lekani batire, pakuti kawiri kawiri cosowa ndico mafuta, kapena m'galimoto ya dizilo timapulagi tofunditsa injini tapsa.

Tsono za mafuta ziri motere. Acokera ku thanki, napita ku injini m'paipi yacitsulo yolumikizidwa ndi timapaipi ta mphira. Mphira ikakalamba ing'ambika ming'alu yaing'ono yosaoneka msanga. Usana mafuta adontha kapena kunyowetsa pa mng'alupo. Usiku mpweya ulowa pomwepo, ndipo mafuta abwerera ku thanki. Mamawa injini iyamwa mpweya wokha. Cotero kudontha ndi kukana kulira kawiri kawiri ziri nthenda imodzi, ndipo mankhwala ace ndi kapaipi kosaposa mkono kutalika.

M'dziko lathu muli cifukwa cina cofulumizitsa nthendayi. Kuyambira caka ca 1982, pamene anayamba kucheza ethanol ku Dwangwa ndi zotsala za nzimbe, petulo wathu asanganizidwa naye. Ethanol aumitsa ndi kudya mphira ya mtundu wakale, nakoka madzi m'thanki, ndipo madziwo abala dzimbiri. Mafuta ogula m'zigubu pa nthawi ya kusowa, monga m'zaka za 2011 ndi 2012, nawonso adza ndi madzi ndi zinyalala zotseka fyuluta.

Yesani cotere, ndipo simudzalipira kanthu. Madzulo yalani katoni youma pansi pa galimoto, kuyambira ku injini kufikira ku thanki. Kukaca onani podontha ndi kununkhiza. Dontho lakuda ndilo oyilo. La mafuta lidziwika ndi fungo. Mukatero tsatani paipi ndi cala, makamaka polumikiza ndi pa mutu wa fyuluta, kufuna ponyowa pamene fumbi lamatirira.

Kuyesa kwaciwiri mapiri a Blantyre adzakuthandizani. Goneka galimoto pa citsikiro, mphuno yace ikuloza kumunsi, kuti thanki ikhale pamwamba pa injini, ndi kuika miyala ku matayala. Ikalira msanga mamawa, pokhala masiku ena ikana, mwaigwira nthenda: mafuta anali kubwerera. Pa galimoto ya dizilo dinikizani kapampu ka pa fyuluta kufikira kalimbe. Ikalira pomwepo, umboni ndi womwewo.

Mau amodzi tiwanena molimba. Musayang'ane podontha petulo ndi macesi, koloboyi kapena fodya pakamwa, ndipo mbaula ikhale kutali. Nthunzi ya petulo ilemera koposa mpweya, niyenda pansi kufikira pa moto. M'Ndirande nyumba zathithikana, ndipo moto wa galimoto imodzi sudzathera pa mwini wace yekha. Musamangenso mng'alu ndi mphira ya cubu kapena kumata sopo, monga acita ena pa njira, pakuti petulo aifewetsa mphirayo masiku owerengeka. Tengani kapaipi kakale ku sitolo, mupemphe kofanana nako kopangidwira mafuta, osati ka madzi, pamodzi ndi zomangira ziwiri zatsopano.