Mfumu Kapena Masankho: N'ciani Cimateteza Ufulu wa Munthu?

Pali funso limene anthu akhala akukangana nalo kuyambira kale. Kodi munthu wamba amakhala pa ufulu pansi pa mfumu yobadwira ufumu, kapena pansi pa boma losankhidwa ndi anthu, limene lichedwa demokalase? Ufulu umene ukunenedwa pano ndi wa munthu mmodzi payekha: kuti asamangidwe popanda mlandu, anene za kukhosi osaopa, apembedze kumene afuna, ndiponso kuti nyumba yace kapena malipiro ace asalandidwe ndi wamphamvu.

Okonda ufumu amati mfumu iribe cipani ndipo siopa masankho, cotero imasamala dziko monga munthu asamala munda umene adzasiyira mwana wace. Mau amenewa sali acabe, pakuti mafumu ambiri a mu Africa sanalamule okha. Kwa Alozi, Litunga anali kuweruza pamodzi ndi bwalo lochedwa Kuta, ndipo m'bwalomo munali nduna ya m'banja lacifumu, Natamoyo, imene pakhomo pace panali pothawira. Wopalamula akafika pamenepo, omthamangitsa anali kubwerera. Komatu cimene cinapulumutsa munthuyo cinali mwambo womanga manja a mfumu. Pamene palibe mwambo wotere, mfumu yabwino ikafa anthu amangoyembekeza kuti wolowa m'malo adzakhala wa mtima wotani.

Mbiri ya dziko la England ionetsa bwino m'mene manja a mfumu amamangidwira. M'caka ca 1215 akuluakulu eni malo anaumiriza Mfumu John kubvomereza cipangano cochedwa Magna Carta pa dambo la Runnymede. Mfundo yace yaikuru inali yakuti mfulu asamangidwe kapena kulandidwa zace koma mwa ciweruzo ca anzace kapena mwa lamulo la dziko. Koma pepala palokha liribe mano. Mu 1627 Mfumu Charles I inatsekera m'ndende anthu amene anakana kuikongoza ndalama mokakamizidwa. Asanu a iwo anadandaula ku bwalo la milandu, ndipo oweruza atamva kuti ndi mfumu yomwe inalamula, anawabwezera m'ndende. Mfumuyo inalamulanso zaka 11 osaitana Nyumba ya Malamulo. Nkhondo inabuka, ndipo mu 1649 Charles anadulidwa mutu.

Kodi ufulu unadza cifukwa mfumu inacoka? Ai ndithu. Oliver Cromwell, amene anagonjetsa mfumu, nayenso anabalalitsa Nyumba ya Malamulo ndi asilikali mu 1653, ndipo mu 1660 anthu anaitananso mwana wa Charles kudzakhala pa mpando. Cimene cinathandiza ndi malamulo atatu amene anatsatira. Mu 1679 analimbitsa lamulo la Habeas Corpus, limene liumiriza wosunga ndende kubwera naye wandende pamaso pa woweruza ndi kunena cifukwa cace amsunga. Cifukwaco cikasowa, munthu amasulidwa. Mu 1689 anakhazikitsa kuti mfumu singaimitse lamulo kapena kukhometsa msonkho popanda Nyumba ya Malamulo. Mu 1701 anapangana kuti woweruza asacotsedwe nchito cifukwa cakuti mfumu yamkwiyira. Zonsezi zinacitika pamene osankha anali eni cuma owerengeka okha. Amuna ambiri osauka anayamba kusankha mu 1918, ndipo akazi analingana ndi amuna mu 1928. Ku England, tsono, citetezo ca munthu cinafika patsogolo, masankho a onse nadza pambuyo.

Nanga masankho paokha angateteze munthu? Dziko la Germany liyankha. Mu 1932 cipani ca Adolf Hitler cinapata mipando yambiri koposa cipani cina ciriconse, ndipo pa 30 January 1933 iye anaikidwa kukhala mtsogoleri wa boma monga mwa malamulo. Usiku wa 27 February nyumba ya malamulo ya ku Berlin inapsa, ndipo m'mawa mwace boma linaimitsa ufulu wa kulankhula, wa kusonkhana ndi wa kusamangidwa popanda mlandu. M'mwezi wa March aphungu anapatsa Hitler mphamvu yopanga malamulo yekha. Okana anali 94 okha. Pa 2 May maofesi a mabungwe a anchito analandidwa, atsogoleri ao namangidwa. Panalibe mfumu m'dzikomo. Boma limene linalowa pa khomo la masankho linatseka khomolo litalowa.

Anthu a ku migodi safunika kupita kutali kuti aone zimenezi, pakuti dziko la Zambia linalawa mbali zonse ziwiri. M'mwezi wa September 1956, pamene dziko linali Northern Rhodesia pansi pa Mfumukazi Elizabeth II, boma la Atsamunda linalengeza nthawi ya ngozi ku Copperbelt, ndi kumanga atsogoleri ambiri a bungwe la Aafrika ogwira nchito m'migodi osawazenga mlandu. Malamulo okoma a ku London sanatsekereze zimenezi, cifukwa omangidwao analibe mau posankha owalamula. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, mphamvu yomanga munthu popanda mlandu sinacotsedwe. Malamulo a nthawi ya ngozi anakhalabe kufikira 1991. Mu February 1972 a Simon Kapwepwe anamangidwa, cipani cao niciletsedwa, ndipo mu December caka comweco dziko linakhala la cipani cimodzi. Mu 1981 a Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a anchito, nawonso anatsekeredwa. Masankho anali kucitika ndithu m'zaka za cipani cimodzi, koma pa mpando wa pulezidenti panali dzina limodzi lokha.

Komabe m'mbiri yomweyi muli cinthu cimene demokalase ipambana naco ufumu. Pa 31 October 1991 anthu anasankha pakati pa zipani zingapo, ndipo a Kenneth Kaunda, atalamula zaka 27, anabvomera kugonja nasiyira a Chiluba mpando mwamtendere. Kuti Angerezi acotse Charles I panafunika zaka za nkhondo ndi mwazi wambiri. Anthu a mu Zambia anacita zao tsiku limodzi, ndi kapepala m'bokosi. Mfumu yobadwira ufumu ikalakwa, anthu alibe njira yotere. Ayembekeze imfa yace, kapena anyamule zida. N'cifukwa cace maiko monga Norway, Denmark ndi Japan, amene asunga mafumu ao ndi ufulu wa anthu pamodzi, anasiyira mfumu ulemu, koma ulamuliro anaupereka kwa osankhidwa.

Tsono yankho la funsoli ndi ili. Masankho ndiwo mankhwala a wolamula woipa, koma amadza kamodzi pa zaka zisanu, pamene wapolisi angagogode pa citseko usiku uliwonse. Pakati pa masankho ndi masankho, cimene cimasunga munthu ndico lamulo limene limanga wolamula yemwe, ndi woweruza amene saopa kucotsedwa nchito. Wofuna kuyesa boma liri lonse, la mfumu kaya la pulezidenti, afunse zinthu zitatu. Kodi womangidwa afika msanga pamaso pa woweruza? Kodi woweruzayo angatsutse boma m'mawa, madzulo nagona m'nyumba mwace? Kodi anthu angacotse wolamula popanda kukhetsa mwazi? Kumene mayankho onse atatu ali inde, munthu wamba ali pa ufulu. Kumene limodzi lisowa, ufulu wace uli wobwereka, ndipo mwini wace angaulande tsiku liri lonse.