Mwana Wosatha Kuyasamula: Nthenda ya Nsagwada Zomatirira

Akatekisti athu pokonzekeretsa ana kulandira Ukaristia woyamba angathe kukumana ndi mwana amene satha kutsekula pakamwa. Mano ake ndi olumana, amadya phala lokha, chibwano chake ndi chaching'ono, ndipo usiku amaliza mkonono ngati nkhalamba. Kumudzi ena amafulumira kunena kuti walodzedwa. Ife tikuti ameneyu ndi wodwala, ndipo thandizo lake lilipo.

Nsagwada ya m'munsi imalumikizana ndi chigaza pafupi ndi khutu. Mwana akagwa mu mtengo wa mango, pa ngolo kapena pa njinga n'kumenyetsa chibwano pansi, mfundo imeneyi imatha kusweka, ndipo pochira mafupa awiriwo amamatirira. Mafinya a m'khutu onyalanyazidwa amachitanso chimodzimodzi. Vutoli limadza pang'onopang'ono, kusiyana ndi kafumbata amene amaumitsa nsagwada m'masiku ochepa.

Choopsa chenicheni chili pa kupuma. Nsagwada yomatirira simakula, motero lilime limasowa malo. Mwana akagona limagwera kukhosi n'kutseka njira ya mpweya. Amasiya kupuma kwa kamphindi, n'kudzidzimuka, kambirimbiri usiku umodzi. Masana amasinza m'kalasi, aphunzitsi n'kumamuyesa waulesi.

Mankhwala akumwa sangamasule fupa, pamafunika opaleshoni. Madokotala amachotsa fupa lomatiriralo, n'kuikapo mnofu wochokera pamwamba pa khutu kuti mafupa asakumanenso. Kwa ana ena amaikapo kachidutswa ka nthiti yawo. Ngati chibwano chatsalira kwambiri, pali kachitsulo kotalikitsa fupa milimita imodzi patsiku. Kumugoneka wodwala wotere n'kovuta, popeza paipi ya mpweya singadzere pakamwa: imadzera m'mphuno kapena paboowo la pakhosi. N'chifukwa chake ntchitoyi si ya zipatala zathu za ku Guilleme, Ludzi kapena Kapiri. Kumeneko ndi koyambira, kuti mwana alembedwe kalata yopita ku chipatala cha boma cha Mchinji, kenaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo woposa makilomita 100.

Gawo lowawa limadza kunyumba. Kwa miyezi yambiri mwana ayenera kuyasamulitsidwa tsiku ndi tsiku, kawirikawiri ndi timatabwa toika pakati pa mano. Amalira, ndipo makolo achifundo amaleka. Akaleka, fupa limamatiriranso. Apa ndi pamene akhristu a m'mphakati ayenera kumayendera banjalo, kulilimbitsa mtima ndi kusonkha ya ulendo wokaonananso ndi dokotala.