UBATIZO NDIKO KULAMBA KWA MKHRISTU

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, njira zonse za m'boma la Katete zimaloza ku Mkaika. Mafumu a Achewa ochokera m'Zambia muno, ku Malawi ndi ku Mozambique amasonkhana kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mfumu imene kwao imaomberedwa m'manja ndi anthu miyandamiyanda, ikafika pabwalo la Mkaika imadzichepetsa, imapereka mtulo ndi kufotokoza za moyo wa anthu ake. Mwambo umenewu udaletsedwa pa nthawi ya atsamunda, koma udayambanso m'chaka cha 1984.

Ife ana a kuno sitisowa wotimasulira tanthauzo lake. Munthu akalamba amavomera pamaso pa onse kuti ali ndi mwini, ndipo kuti mawu a mwiniyo adzawasunga akabwerera kwao. Nanga ife Akhristu tidalamba liti, ndipo tidalamba kwa yani? Yankho lake ndi tsiku la ubatizo wathu.

Yesu adayamba ndiye kumvera

Ambuye Yesu analibe tchimo loti madzi a mu Yordano alitsuke. N'chifukwa chake Yohane Mbatizi adayamba wakana kuwabatiza. Koma Yesu adalimbikira, popeza kufuna kwa Atate kunali kwakuti Iye aime pamzere umodzi ndi anthu ochimwa. Atavuuka m'madzi, Atate adamuchitira umboni kuti ndiye Mwana wao wokondedwa. Kumvera kumene kudayambira pa Yordano kudakathera pa mtanda. Paulo Woyera, m'kalata yake kwa Aroma, mutu 5 ndi 6, akutiphunzitsa kuti kusamvera kwa Adamu kudatigwetsa tonse, kumvera kwa Khristu kudatidzutsa, ndipo mu ubatizo timaikidwa m'manda pamodzi naye kuti tiyambe moyo watsopano.

Chinyanja chathu chimatithandiza pamenepa. Kumva ndi kumvera ndi mawu a muzu umodzi, koma mayi aliyense amadziwa kusiyana kwake: mwana angathe kumva kuitana kwa amake ali chikhalire pamphasa. Pa mwambo wa ubatizo wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa mwana, napempha kuti adzamve Mawu a Mulungu ndi kuvomera chikhulupiriro chake poyera. Madzi asanathiridwe, makolo pamodzi ndi makolo a ubatizo amafunsidwa ngati akukana Satana, ntchito zake ndi zonyenga zake, ndiponso ngati akukhulupirira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Chaulere cha ubatizo ndi mphatso imene sitigula ndi ntchito zathu, koma wolandira mphatsoyo wavomera Mfumu, ndipo Mfumu imamveredwa.

Momwe makolo athu adaulandirira

Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikitsa mishoni ya Kachebere, pamalire ndi Malawi, m'chaka cha 1903, ndi ya Minga mu 1923, kenaka Naviruli ndi Chassa. Lamulo lao linali lakuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asanabatizidwe. Agogo athu ankayenda mitunda yaitali, ufa uli pamutu, kukakhala pamishoni masabata a maphunziro. Sankayesedwa pa mayankho a katekisimu okha ayi. Aphunzitsi ankafunsa kumudzi za makhalidwe a katekumeni: kodi banja lake ndi lolongosoka, kodi wasiya kuombeza, kodi akukhala mwamtendere ndi anansi ake?

M'mabanja a Akhristu otere ndimo mudatuluka Medardo Mazombwe, wobadwira m'boma lomwe lino la Katete mu 1931. Adadzozedwa unsembe mu 1960, nadzozedwa uepiskopi wa Chipata mu 1971. Mu 1996 adatumidwa ku Lusaka, nasiya kwao kumene adatumikira zaka 25. Adakhala Kadinala mu 2010 ndipo adamwalira mu 2013. Maudindo onsewo adamera pa tsinde limodzi, lonjezo la ubatizo, lomwelo limene lili pa agogo a kumphakati amene sadziwa ngakhale kulemba dzina lao.

Pamene lonjezo limayesedwa

Tinene zoona ngati a banja limodzi. Ambiri a ife timathamangira ubatizo wa mwana chifukwa cha khadi: kuti adzamange ukwati kutchalitchi, ndi kuti tsiku la maliro Akhristu adzaimbe. Timasankha kholo la ubatizo poona thumba lake, osati moyo wake. Tikamaliza phwando, kandulo timaiponya m'chikwama cha zovala, ndipo lonjezo limagona momwemo.

Kumvera kumaonekera pa tsiku lovuta. Mwana amene adavala choyera pa Pasaka akatentha thupi usiku, apongozi nanena kuti pali dzanja la munthu, kodi timapita naye kuchipatala tikupemphera, kapena timakafuna woloza mfiti pakati pa abale athu? Mbale wathu akamwalira, kodi mkazi wamasiye ndi ana timawasiyira munda, ng'ombe ndi malata a nyumba, kapena timagawana maliro asanazizire? Mwana wamkazi wa zaka 14 akafunsiridwa ndi munthu wa ndalama m'chaka cha njala, timamvera mimba kapena Mulungu? Pamenepo mpamene timabatizidwadi kapena kudzivula tokha chovala choyera chija.

Mafumu awiri kodi?

Ena amafunsa ngati Mkhristu angathe kulemekeza mwambo wa makolo ndi kusungabe ubatizo wake. Sinodi ya Africa ya mu 1994 idatcha Eklezia banja la Mulungu, ndipo idalimbikitsa kuti Mthenga Wabwino uzike mizu m'chikhalidwe chathu. Ulemu kwa mafumu, kusunga alendo, kulirana maliro ndi kulangiza ana ndi chuma chimene ubatizo sufafaniza. Kalonga Gawa Undi eni ake adadzudzula poyera miyambo yoononga monga ya fisi ndi kukwatitsa ana aang'ono. Choncho malo ambiri mawu a mfumu ndi mawu a Mulungu amayendera limodzi.

Koma pamene asiyana, wobatizidwa amadziwa wamkulu. Karoli Lwanga ndi anzake a ku Uganda anali anyamata okhulupirika a kunyumba ya mfumu Mwanga, ndipo ankaitumikira pa zonse kupatula tchimo. Ataona kuti imfa yayandikira, Karoli adabatiza usiku akatekumeni ake, mmodzi wa iwo ndi Kizito wamng'ono uja. Pa 3 Juni 1886 adatenthedwa ku Namugongo. Ena mwa iwo anali atangokhala masiku ochepa chibatizidwire, koma adasunga lonjezo limene ena a ife talisenza zaka makumi anayi osalitsegula.

Usiku wa Pasaka tidzaimanso ndi makandulo m'manja kubwereza malonjezo a ubatizo. Tsikulo lisanafike, banja lililonse lifunefune makhadi aja, makolo auze ana tsiku limene adabatizidwa ndi dzina la amene adawaimira. Ndipo pa msonkhano wa mphakati tifunsane mosabisa: m'mudzi mwathu muno, ndi chinthu chiti chimene Ambuye akhala akutiuza, ife nkumangomva osamvera?